Tsamba Limene Linasowa

Panali mtsikana wina wamng'ono. Onse ankamutchula kuti Kamphepo. Kamphepo sankayenda, ankangothamanga. Sankapempha, ankangotenga.

Tsiku lina Kamphepo analibe wosewera naye. Ankafuna Gulugufe, mnzake wa nyumba yoyandikana nayo. Koma Gulugufe sanabwere. Dzulo lake Kamphepo anamulanda chingwe chodumphira. Chingwe chinaduka. Gulugufe analira.

Panja mvula inkagwa. Waa, waa, waa. M'nyumba Amayi ankasoka diresi. Makina ankalira. Tekete, tekete, tekete.

Kamphepo anakhala pansi pa tebulo. Pansipo panali tizidutswa ta nsalu. Tina tofiira, tina tachikasu, tina tobiriwira.

"Bwanji wangoti zii lero?" Amayi anafunsa. "Mphepo yathawira kuti?"

"Gulugufe sakundifuna," anatero Kamphepo.

Amayi anatsegula kabati. Anatulutsa buku lakale la zithunzi.

"Ili linali langa ndili ngati iwe," anatero. "Utsegule pang'onopang'ono."

Kamphepo anatsegula. Tsamba loyamba, abakha awiri akusambira. Tsamba lachiwiri, abakha apeza duwa limodzi. Tsamba lachitatu, bakha wamkulu walanda duwa. Duwa layoyoka. Bakha wamng'ono akulira.

Tsamba lachinayi panalibe!

"Amayi, tsamba lomaliza lili kuti?"

"Amalume ako analing'amba ali khanda. Ankafuna kulidya."

"Nanga abakha aja anatani?"

"Kaya," anatero Amayi. "Iwe ukuganiza kuti anatani?"

Kamphepo anatsinzina. Mvula inkaimba padenga. Makina ankamveka ngati ali kutali. Tebulo linkayandama ngati bwato.

Kamphepo anaona dziwe. Dziwe linali lalikulu. Dziwe linali lozizira. Bakha wamkulu anali yekhayekha. Anasambira pang'onopang'ono. Anafika kwa mnzake. Anaweramitsa mutu. Ananena kamawu kamodzi, kakang'ono.

Kamphepo anatsegula maso.

"Amayi, chonde ndibwerekeniko pepala ndi pensulo."

Makina anaima.

"Wati chonde?" anatero Amayi. "Tabwereza, makutu anga amve bwino."

"Chonde, Amayi."

Kamphepo anajambula abakha awiri. Wamkulu waweramitsa mutu. Wamng'ono wasiya kulira. Kamphepo anaika pepalalo m'buku, pamalo pa tsamba losowa lija.

Kenako anatola tizidutswa ta nsalu tija.

"Amayi, kodi iti tingakhale chingwe?"

"Tingakhale, tikaluka awiri."

Amayi analumikiza tizidutswa. Kamphepo anagwira, Amayi analuka. Chingwe chinakula. Chinafika pakhomo.

Mvula inakata. Dzuwa linasuzumira. Kamphepo anatenga chingwe ndi buku, napita kwa Gulugufe. Amayi anamutsatira pambuyo. Kamphepo anagogoda pachitseko. Gu, gu, gu.

"Odi!"

"Odini," anayankha amayi a Gulugufe.

Gulugufe anabisala kumbuyo kwa amayi ake. Kunkaoneka diso limodzi lokha.

"Pepa, Gulugufe," anatero Kamphepo. "Ndinalakwa. Ichi ndi chako."

Gulugufe anatuluka kumbuyo kwa amayi ake. Anayang'ana chingwe. Anayang'ana bukulo. Kamphepo anamuonetsa tsamba latsopano.

"Ichi ndi chiyani?" Gulugufe anafunsa.

"Ndi bakha. Akupepesa."

"Bakha? Ine ndimayesa ndi nsapato!"

Gulugufe anaseka. Kamphepo nayenso anaseka.

"Zikomo, Kamphepo," anatero Gulugufe. "Chingwechi ndi chokongola."

"Uyambe ndiwe kudumpha."

"Ayi, tidumphe tonse awiri."

Amayi a Kamphepo anagwira uku. Amayi a Gulugufe anagwira uko. Chingwe chinazungulira m'mwamba. Kufiira, chikasu, kubiriwira. Atsikana anadumpha mpaka kutopa.

"Amayi, nanunso dumphani!" anatero Kamphepo. "Chonde!"

"Aa, ine? Ndi mawondo awa?"

Koma Amayi anavula nsapato. Atsikana anagwira chingwe. Amayi anadumpha kamodzi. Anadumpha kawiri. Kachitatu chingwe chinawakola mwendo, ndipo onse anayi anaseka mpaka misozi.