Ndodo Yogonekedwa pa Ampulifaya

Chibakera choyamba chinamupeza Morgan pamlomo, chachiwiri pakhutu. Asanadziwe n'komwe chomwe chikuchitika, anali atagwa chagada m'fumbi kuseri kwa chipinda cha sayansi, mnzake Luckson atamukhalira pamimba.

"Unauzidwa kangati, galu iwe?" Luckson ankakuwa uku akumugwedeza ndi kolala ya yunifolomu. "Ampulifaya sayatsa popanda sipika! Olo mwana wa giledi eiti adziwa zimenezo!"

"Ndinaiwala, Luckson! Ndisiye, ndinaiwala chabe!"

"Unaiwala? Leka ndikukumbutse."

Anamumenyanso, ndipo magazi anadontha pa shati yoyera. Ana a sukulu anazungulira, ena akukuwiza, ena atagwira pakamwa, koma panalibe wolimba mtima woti aleretse. Pasukulu imeneyi ya ku Nyimba aliyense ankamudziwa Luckson Kabaso. Mutu unali wabwino, manja aluso, koma mtima wake, abale inu, unali wapachala. Zinatheka pokhapokha a Mbumwae, aphunzitsi a sayansi, atafika chothamanga n'kumukoka ndi lamba wa buluku.

Chimene chinayambitsa ndewuyi chinali patebulo m'chipindamo, chikufukabe utsi wonunkha. A Mbumwae, amene anachokera kutali kumadzulo kwa dziko, ankakonda kupanga maampulifaya, makina okweza mawu, achikale aja oyendera mavalavu, timabotolo tagalasi timene timafiira m'kati tikatentha. Loweruka lililonse ankaphunzitsa ana ofuna luso limeneli, ndipo Luckson ndi Morgan ndiwo analigwira kwambiri. Matemu awiri athunthu anyamatawa anakhala akuboola chitsulo, kulumikiza mawaya ndi kupsa zala, mpaka makina awo analankhula. Mavalavu ake anachita kuwapempha kwa bambo wina wachikulire wa ku Minga. Ampulifaya imeneyi ndi yomwe inkayenera kupita ku mpikisano wa sayansi ku Petauke.

Ndiye tsiku limenelo, Lachinayi, Morgan anafuna kudzionetsera kwa atsikana. Analumikiza gitala yake, n'kuyatsa makinawo sipika ili poteropo, waya wake uli lende. Atamva kuti palibe mawu, anapotokola batani mpaka kumapeto n'kukhwatcha zingwe mwamphamvu. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo! Mphamvu yosowa kolowera inapsereza thiransifoma yotumiza mawu ku sipika, chinthu chimene sungachipeze m'sitolo iliyonse ya ku Nyimba.

"Madzi akatayika saoleka," anatero a Mbumwae atawaimika awiriwo. "Iwe Luckson, mailo Lachisanu uzatchetcha udzu kumbuyo kwa ofesi. Iwe Morgan, Loweluka masana uzachotsa thilansifoma yakupsayi ndi manja ako. Wawononga ndiwe, ukonzenso ndiwe."

Atatero anazula mavalavu onse, n'kuwakulunga m'nsalu ndi kuwatsekera m'kabati.

Lachisanu Morgan sanabwere kusukulu. Luckson anatchetcha udzu wake, ndipo dzuwa litapendeka anauyamba ulendo wa kunyumba kudzera kanjira ka kuseri kwa msika, kumene amayi amaunjika mikoko ya nthochi yodikira malole. Pamenepo ndi pomwe anamutsekera njira. Anali Ricky, mkulu wake wa Morgan, chimunthu cha mapewa otambalala chimene chinkakweza nthochi m'malole, ali ndi anzake awiri. M'manja mwake munali lamba wakale wa injini.

"Ndiwe ngwazi ya pasukulu, eti?" anatero Ricky. "Bwela utimenye ife manje."

Luckson anaponya chibakera chimodzi chokha. Awiri aja anamugwira mikono n'kumupotokola, ndipo lamba uja anayamba kulira pamsana pake. Phwa! Phwa! Shati inang'ambika, khungu linatseguka. Atagwa, anamuponda m'nthiti ndi majombo, wina n'kumukanikizira nkhope m'matope a makoko a nthochi owola. Akanapitiriza, koma mayi wina wogulitsa anatulukira atanyamula mtengo akukuwa kuti, "Mupha mwana wa eni, afiti inu!" Atatuwo anabalalika.

Luckson anafika kwawo akutsimphina. Amayi ake anawanamiza kuti wagwa panjinga ya mnzake. Msana unkawawa, inde, koma chimene chinkamudya kwenikweni chinali manyazi ndi ukali. M'mutu mwake munali mawu amodzi okha: Morgan wanditumira anthu. Iye wawononga makina, iyenso n'kunditumira anthu! Pofika m'mawa, mkwiyo uja unali utazizira n'kusanduka chinthu china choipa kwambiri. Anali atapeza njira yobwezera popanda kuponya chibakera.

M'kati mwa ampulifaya ya mavalavu mumakhala tizitini totchedwa makapasita, timene timasunga mphamvu ya magetsi ngakhale utazula pulagi kukhoma. A Mbumwae ankanena mobwerezabwereza kuti, "Ameneyu ndi mphili, amaluma olo aoneke wakufa. Ukagwila ndi manja awili, mphamvu imadutsa pachifuwa, mtima n'kuima." N'chifukwa chake anapanga ndodo yokhetsera mphamvu: kansungwi kokhala ndi msomali kunsonga, ndi waya wothera pa kachitsulo kopanira. Munthu ankapanira kachitsuloko pa thupi la makina, n'kugunditsa msomali pa kachitini kalikonse mpaka mphamvu yonse itatha. Akamaliza, ankaigoneka ndodoyo chopingasa pamwamba pa makina. Limenelo linali lamulo la gulu lawo. Ndodo ikagona pamwamba, ndiye kuti mnzako wakhetsa kale, pisa dzanja usaope. Chiyambire palibe amene anaikayikirapo ndodo imeneyo.

Loweruka masana Luckson anafika msanga. Kiyi ankasunga ndi iye monga mtsogoleri wa gulu, ndipo a Mbumwae anali adakali ku ofesi akuchonga mayeso. Anatembenuza makinawo chagada kuti mawaya aonekere, n'kulumikiza pulagi kukhoma. Anamva kulira kwapansipansi, mmmm, tizitini tikudzaza. Popeza mavalavu anali m'kabati, panalibe choti chimwe mphamvuyo. Anazula pulagi. Kenaka anatenga ndodo ija osaigunditsa paliponse, n'kuigoneka bwinobwino pamwamba, kachitsulo kopanira atakabisa kunsi kwa tebulo.

"Kangomugwedeza pang'ono chabe, aphunzile," anadziuza yekha. Koma linali bodza, ndipo iye ankadziwa kuti ndi bodza. Mawu a a Mbumwae onena za mtima ankawakumbuka bwino lomwe. Anakakhala pa benchi pakona.

Posakhalitsa chitseko chinatseguka. Morgan analowa atanyamula kathumba ka saka kolemera. Mlomo unali wotupabe, koma Luckson anadabwa kuona kuti diso lakumanzere nalonso linali litatsekeka, lakuda bii. Limenelo sanamenye ndi iye.

"Ndamva zimene anakuchita Ricky," anatero Morgan ataima patali. "Sindinamutume, Luckson. Mulungu aone. Mailo ine kunalibe, ndinali ku Petauke. Nditabwela n'kumva, ndinamulumphila. Waona diso ili? Ndiye malipilo ake."

Luckson anayang'ana kathumba kaja.

"Ku Petauke unakatani?" anafunsa.

Morgan anaika kathumba patebulo n'kukamasula. Munali thiransifoma yakale, ya dzimbiri m'mbali koma yathunthu.

"Kuli a Chibwe, okonza mawailesi kufupi ndi siteshoni. Anali nayo m'chibokosi cha zakale. Ayesa pamaso panga, ndi yamoyo."

"Akupatsa chabe?"

"Ndawasiyila gitala." Morgan anayesa kuseka, koma mlomo wotupa unamukaniza. "Nanga si ndiyo inabweletsa tsoka? Tiye tikonze, mwana. Petauke tipita ndithu."

Gitala imeneyo Morgan ankaikonda kuposa chakudya. Anamusiyira ndi malume ake, ndipo ankagona nayo pambali. Luckson anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira pamsana wa mabala uja. Anafuna kunena kuti, usagwire! Koma akanena, afotokoza bwanji? Ndodo waigoneka ndi iye. Kulankhula kunali kudziulula kuti ndi munthu wotchera mnzake msampha wa imfa. Manyazi anamumanga pa benchi paja.

Morgan anapinda mikono ya shati n'kuyandikira makina. Anaona ndodo ija n'kumwetulira.

"Aa, wakhetsa kale? Zikomo, mwana. Ndinadziwa kuti sungakwiye mpaka kalekale."

Anaisuntha ndodoyo pambali. Sanayang'ane n'komwe kumene waya wake wathera. Anatambasula manja onse awiri, lamanzere kuti ligwire chitsulo, lamanja kulowera pakati pa mawaya, pafupi penipeni ndi tizitini tija.

"Morgan, iai!"

Luckson sanadziwe kuti wanyamuka liti. Anadumpha n'kumugunda mnzakeyo ndi phewa mwamphamvu zake zonse. Morgan anauluka n'kukamenyetsa mutu pa ngodya ya kabati. Koma liwiro linamupitirira Luckson. Pofuna kudzigwira kuti asagwe, dzanja lake lamanja linatera m'kati mwa makina.

Thwa! Kunang'anima moto wabuluu. Mkono wonse unakoka wokha ngati waumenya ndi hamala, ndipo pobwerera dzanja linadzikhadzula m'mphepete mwakuthwa mwa chitsulo chimene iwo omwe anachidula ndi sowo. Luckson anagwa pansi, mano atalumana, mpweya ukukana kulowa.

Morgan anadzuka magazi akuyenderera pachipumi, chibakera atakunga. Iye ankaganiza kuti ndewu yayambiranso.

"Ndakupepesa, ndataya gitala, ukufunanso chiyani kwa ine?" anakuwa akulira ndi ukali.

Kenaka anamva fungo la khungu lopserera. Anaona Luckson akuphiriphitha pansi, dzanja lili magazi okhaokha. Anayang'ana pulagi, inali yozula. Anayang'ana ndodo, n'kutsatira waya wake ndi maso mpaka kunsi kwa tebulo, kumene kachitsulo kopanira kankalendewera osaluma kalikonse. Chibakera chija chinamasuka pang'onopang'ono. Morgan sanali wopusa, ndipo lamulo la ndodo ankalidziwa ngati mnzakeyo.

Anavula shati yake, n'kukulunga dzanja la Luckson molimba, n'kuthamanga kukaitana a Mbumwae.

Kuchipatala anasoka dzanjalo. Adokotala ananena kuti mnyamatayu ali ndi mwayi chifukwa mphamvu inadutsa m'dzanja limodzi lokha, koma mitsempha ya zala ziwiri inali itaduka. A Mbumwae anadikira mpaka anamwino atatuluka, kenaka anakhala m'mphepete mwa bedi. Nkhope yawo inali yotuwa ndi mantha.

"Ine ndinasiya makina aja opanda mphamvu," anatero motsitsa mawu. "Anayatsa ndani? Ndipo ndodo inagona bwanji pamwamba?"

Morgan, amene anali ataima pakhomo ndi bandeji pamutu, anayang'ana pansi. Akanatha kunena, koma anangokhala duu. Kukhala chete kumeneko kunamupweteka Luckson kuposa lamba wa Ricky.

"Ndine, aphunzitsi," anatero Luckson, misozi ikutsikira m'makutu. "Ndinatchela Morgan. Ndinadziwa zimene zikanachitika."

Anamuimitsa sukulu milungu ingapo, ndipo kiyi anamulanda. Ku Petauke kunapita Morgan yekha ndi a Mbumwae. Luckson anangomva kwa anzake kuti ampulifaya inalira bwino kwambiri, moti anthu anaunjikana kudzaona timabotolo tofiira tija. Gitala yoyesera anachita kubwereka.

Temu yotsatira a Mbumwae anamulola kubwerera m'gulu. Zala ziwiri zija sizinkapindikanso, choncho ntchito yolumikiza mawaya ang'onoang'ono, imene kale ankaposa nayo aliyense, inamukanika. Morgan ankamulankhula bwinobwino, ankagawana naye chinangwa pa nthawi yopuma, ndipo za tsiku lija sanazitchulenso. Luckson anayamba kukhulupirira kuti zonse zatha.

Loweruka lina ankafuna kusintha waya wina kuti mawu amveke okhuthala. Luckson anazula pulagi, anapanira kachitsulo pa thupi la makina, anagunditsa msomali pa kachitini kalikonse mosamala, kawiri konse. Atamaliza anaigoneka ndodo pamwamba.

"Ndakhetsa, mwana. Pisa."

Morgan anayang'ana ndodoyo, n'kuyang'ana mnzake. M'maso mwake munalibe mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Ndaona," anatero mofatsa.

Kenaka anaitola ndodo ija, anayesa ndi chala ngati kachitsulo kalumadi, n'kuyamba kukhetsa yekha kuchokera pa kachitini koyamba. Luckson anaima pambali atagwira zala zake zouma, akudikira kuti mnzake amalize.