Chitini cha Zingwe za Mita

M'nyengo yozizira ya 1976 chiperoni chinakuta Boma la Mulanje, ndipo chitsulo chilichonse chinkagwira dzimbiri. N'chifukwa chake a Lyson, okonza mawailesi pafupi ndi msika, ankasunga zingwe za mita yoyezera magetsi m'chitini cha tiyi, pansi pake atathira mpunga wokazinga woti uziyamwa chinyontho. Wopukuta zingwezo ndi kutseka chitinicho anali Mackson, mnyamata wamasiye wotsimphina.

Bonface, mwana wa mlongo wa a Lyson, ankaphunziranso ntchito pomwepo, koma mita sankaloledwa kuikhudza.

"Manja ako ndi a khasu," amalume ake ankatero. "Taona a Mackson."

Mawuwa ankamuwawa. Tsiku lina Mackson atapita kumpopi, Bonface anathira madzi m'chitinimo. Patapita masiku anasintha mpunga n'kupukuta zingwezo kunja kokha. Dzimbiri linatsala m'kati mwa timitu take, mosaoneka.

Pa 5 Julayi kunabwera tcheyamani wa chipani atanyamula wailesi yake yowonongeka.

"Mawa anthu amvere mwambo wa ufulu pa wailesi iyi. Mwamva?"

A Lyson analumikiza zingwe zija. Muvi wa mita unangosuntha pang'ono, ngati mphamvu yachepa. Anaiwonjezera. Wailesi inatulutsa utsi.

Atang'amba kamutu kamodzi n'kuona dzimbiri, a Lyson anamumenya Mackson ndi lamba mpaka anagwera pabenchi.

"Ndinkapukuta, bambo," analira Mackson.

"Wabodza, kamwendo iwe," anatero Bonface, akubisa kumwetulira.

Tcheyamani sanasamale za dzimbiri. Anati a Lyson awononga dala kuti anthu asamve mawu a boma. Madzulo ake anyamata a chipani anawamanga manja ndi waya wa m'shopu yawo yomwe, n'kuwakweza galimoto. Kumene anawapititsa, palibe anayerekeza kufunsa.

Sabata yotsatira Bonface anadutsa pashopupo. Pachitseko panali loko wachilendo. Pakhonde panakhala Mackson, mikwingwirima ikuonekabe m'khosi, chitini chili pamiyendo. Ankapala timitu ta zingwe ndi kampeni, kamodzikamodzi.

"Ukuvutikiranji? Anakumenya aja," anatero Bonface.

"Akabwera azipeze zowuma," anatero Mackson, osadzutsa mutu. "Gwirako ichi."

Bonface analandira chingwe chofiira, chimene anachilakalaka chaka chonse. Chinali chopepuka, koma manja ake analephera kuchigwira bwino.