Bata la m'chipinda cha atelala

Zimene ndikulembazi zinachitika masana, dzuwa likuswa mtengo. Amene tinayamba kuzimva tilipo anayi: ine, mnzanga wa m'kalasi amene timamutcha Chipewa, aphunzitsi athu a zojambula mawu, ndi mayi eninyumba. Onse ali moyo, mukhoza kuwafunsa.

Ndinafika mumzinda muno Lolemba pa 12 Sepitembala, nditasiya maphunziro a zamalamulo m'chaka chachiwiri kuti ndilowe sukulu ya mafilimu. Bambo sanakondwe nazo. Anandipatsa mwezi umodzi. "Pakafika pa 12 Okutobala ulibe pogona pakopako, ubwerere kuno tikapepese kusukulu yako yakale."

Masabata atatu ndinkagona pamphasa m'chipinda cha Chipewa, mutu uli pansi pa tebulo lake. Ndinayendera zipinda khumi ndi zinayi, zonse zokanika. Cha khumi ndi chisanu ndinachipeza pa 3 Okutobala, kuseri kwa nyumba yaikulu. Chinali ndi zenera limodzi, ndipo pasimenti pafupi ndi zeneralo panali zipsera zinayi, pomwe panakhalapo chinthu cholemera. Munkamveka fungo la mafuta a makina osokera. Mayi eninyumba anandipatsa kiyi osandifunsa n'komwe kuti ndine mwana wa yani. Ine ndinangoti mwayi wandigwera.

Pantchito ya mafilimu pali lamulo. Mukamaliza kujambula, aliyense amakhala chete mphindi imodzi, makina n'kujambula bata la chipindacho. Chipinda chilichonse chili ndi bata lakelake, ndipo ndi limene timamatira mipata pakati pa mawu a ochita sewero. Ntchito yoyamba imene anatipatsa inali yomweyo: aliyense abweretse mphindi imodzi ya bata la kumene amakhala.

Lachinayi pa 6, nthawi ya 2 koloko, ndinatseka chitseko, n'kuimika maikolofoni pakati pa chipinda, n'kuvala mahedifoni. Masekondi khumi oyamba ndinamva firiji ya m'nyumba yaikulu ndi galimoto patali. Kenako ndinamva kupuma. Kunali kupuma kwa munthu wa chifuwa, kolira kamluzu pokoka mpweya.

Ndinasiya kupuma ine. Kwinako kunapitirira.

Ndinavula mahedifoni. Zii. Ndinavalanso. Kunali kutasendera pafupi.

Lachisanu aphunzitsi anamvetsera zimene ndinajambulazo kalasi yonse ilipo. "Agogo akowa apite kuchipatala," anatero. "Komanso ukamajambula uziyamba wawatulutsa panja."

Chipewa anandigwedeza ndi chigongono. "Masiku anayi okha, wapeza kale mdala? Asisi, simuchedwa."

"Ndimakhala ndekha," ndinayankha.

Aphunzitsi anati mwina ndi makina, ndipo anandipatsa ena. Loweruka Chipewa anabwera akusekabe. Anavala mahedifoni, ine ndikuyang'ana wotchi. Anapirira masekondi asanu ndi atatu. Anawavula, n'kuwaika pabedi pang'onopang'ono ngati dzira.

"Tiye," ananong'ona. "Mphasa yako ikadalipo."

"Sindipita."

Ndinakaitana mayi eninyumba. Anakana kuponda m'chipindamo, choncho anamvetsera ali pakhomo. Atamaliza anakhala pansi pasitepe.

"Ndi atelala," anatero. "Anakhala muno zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mphumu inawatenga mu Juni chaka chatha, ali pamakina awo, pazenerapo. Iwe ndiwe wachinayi kulowa muno. Anzako sankatha sabata. Ankati winawake akuwapumira m'khosi."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanalowa? Mwanawe, ukafuna kupita sindikuletsa."

"Mayi, nsapato zanga zathera mumsewu. Ngati pali wosamuka, asamuke ndi iwowo."

Lolemba pa 10 linali tsiku lomaliza lopereka ntchitoyo, ndipo ku tsiku limene bambo anandiikira kunali kutatsala masiku awiri. Nthawi ya 11 koloko ndinaimikanso maikolofoni. Chipewa anaima pakhomo, phazi limodzi lili panja. Fungo la mafuta linali lamphamvu, lokanda kukhosi. Ulendo uno sipanafunike mahedifoni. Mpweya ndinaumva kuseri kwa khutu langa lakumanzere. Wofunda.

Ndinaimirira.

"Atelala, ndakumvani," ndinatero. "Chipinda chino ndi changa tsopano, ndipo ndili pantchito. Inunso munali munthu wa ntchito, mukudziwa kuti mmisiri sasokonezedwa. Mphindi imodzi yokha."

Kenako ndinafuula monga anatiphunzitsira: "Chete, tikujambula!"

Kupuma kunaleka.

Masekondi khumi. Firiji.

Makumi atatu. Mbalame padenga.

Makumi asanu. Palibe kanthu.

Makumi asanu ndi limodzi. "Tamaliza," ndinatero.

Ndisanazimitse makina panamveka mawu osasa, aulemu, pafupi penipeni ndi maikolofoni.

"Ndipume tsopano, mayi?"

Chipewa anali atafika kale kugeti.

"Pumani," ndinayankha.

Mpweya umene anakoka unali wautali, ngati wa munthu wovuuka m'madzi.

Madzulo a tsiku lomwelo aphunzitsi anamvetsera katatu muofesi yawo. Mawu aja ali pasekondi ya 63. Anati pakalasi yonse palibe amene anabweretsa bata loyera chonchi. Kenako anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri. Ili si bata la chipinda chopanda munthu. Ndi bata la anthu awiri amene akudziletsa." Anandichongera ntchitoyo, koma anakana kuisunga pakompyuta yawo.

Lachitatu pa 12, nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndinaimbira foni bambo nditakhala pabedi langa.

"Pogona ndapapeza. Sindibwerera."

Anafunsa za madzi, za loko, za mtunda wa kusukulu. Ndinayankha zonse. Kenako anafunsanso:

"Nanga amene akupuma movutikirayo ndani? Uli ndi munthu?"

Ndinayang'ana zipsera zinayi zija pasimenti.

"Ndi akale a m'nyumba muno, bambo. Tagwirizana."

"Chabwino. Koma uwauze asalekerere chifuwacho."

Tsopano ndatha miyezi isanu ndi iwiri m'chipindamu. Ndikafuna bata, ndimapempha. Sindinapemphepo kupitirira mphindi imodzi.