Mawanga Alanda Chowothera Moto

Kunyumba ankamutcha Kafupi. Anali mtsikana wamfupi, koma mawu ake anali aatali.

Kafupi anali ndi nkhuku yake. Dzina lake Mawanga. Kafupi ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna anapiye.

Koma Mawanga sankadziwa kusankha malo. Anaikira dzira pampando. Bambo anakhala. Phwa! Anaikira dzira munsapato. Bambo anavala. Phwa!

"Nkhuku iyi ili nane chifukwa," anatero Bambo.

Nyengo yozizira inayandikira. Bambo anati, "Timange chowothera moto panja. Chikhale cha njerwa. Chikhale ndi chumuni chotulutsira utsi."

Anaitana Malume. Malume ndi mmisiri womanga nyumba. Anabwera ndi chingwe choyezera. Anatola khala, nagwada pabwalo. Anayamba kujambula pansi.

"Chumuni chitalike, alamu," anatero Bambo. "Anthu azichiona ali kumsewu."

"Mukufuna moto kapena mbiri, alamu?" anafunsa Malume.

Mayi anaseka. "Achimwene, chikhale kutali ndi denga. Utsi usapitenso ku chingwe changa cha zovala."

Malume anafufuta. Anajambulanso.

Kafupi anakoka malaya a Malume. "Amalume, nanga chipinda cha Mawanga?"

"Chipinda cha nkhuku?" anatero Bambo. "Mawa ifuna makatani!"

Malume anapatsa Kafupi khala lija. "Jambulani, bwana wanga."

Kafupi anajambula kachipinda pambali. Kanali kutali ndi moto.

"Eya," anatero Malume. "Pamwamba nkhuni, pansi nkhuku."

Ntchito inayamba. Bambo ankasakaniza simenti ndi mchenga. Mayi ankathira madzi. Kafupi ankanyowetsa njerwa. Malume ankayala. Njerwa pa njerwa. Njerwa pa njerwa. Khoma linapitirira Kafupi. Chumuni chinapitirira Bambo.

Chowothera moto chinatha. Malume anasamba m'manja.

"Musakoleze moto msanga," anatero Malume. "Simenti iume kaye. Mukafulumira, khoma ling'aluka."

"Ndamva, alamu," anayankha Bambo. Koma machesi anali kale m'thumba.

Kafupi anayala udzu m'kachipinda kaja. "Lowa, Mawanga. Nyumba yako iyi."

Mawanga anasuzumira. Anapendeka mutu. Anatembenuka. Kenako analowa pamalo okolezera moto. Pakati penipeni! Anaikira dzira. Mawa lake lina. Mkuja lina. Mazira atachuluka, anawafungatira.

Tsiku lina kunazizira kwambiri. Bambo anabwera ndi nkhuni. Anatulutsa machesi.

Kafupi anathamanga. Anaima kutsogolo kwa Mawanga. Anatambasula manja.

"Ayi, ababa! Muli mazira!"

"Kawaike m'kachipinda kako, mwanawe."

"Mukawasuntha, Mawanga awasiya. Akazizira, anapiye afa."

"Nanga ine ndikazizira?"

"Inu muli ndi jekete, ababa. Mazira alibe."

Bambo anatambasula dzanja kuti anyamule nkhuku. Jo! Mawanga anawajompha chala.

"Mayo! Nkhuku iyi ili nane chifukwa!"

Mayi anatuluka m'nyumba. "Abambo ake Kafupi, mlamu wanu anati chiyani?"

Bambo anagwira khoma. Linali lozizira. Linali lisanaume bwino. Anayang'ana Mawanga. Anayang'ana Kafupi. Misozi inali italengeza m'maso mwa mwanayo.

Bambo anaika machesi m'manja mwa Mayi. "Sungani inu. Ine dzanja limandiyabwa."

"Zikomo, ababa," anatero Kafupi.

Anadikira. Bambo ankavala majekete awiri. Anadikira. Kafupi ankapatsa Mawanga madzi ndi chakudya. Anadikirabe. Dzuwa linkawomba njerwa. Mphepo inkaumitsa simenti.

M'mawa wina, Kafupi anamva kamawu. Piye! Piye! Anagwada. Anasuzumira. Timitu tachikasu tinali suzu pansi pa mapiko.

"Amayi! Ababa! Aswa! Aswa!"

Mawanga anadzuka. Anadzikung'untha. Anatsogolera ana ake. Kodi anapita kuti? M'kachipinda kaja! Analowa ngati mwini nyumba.

Malume anabwera madzulo. Anagogoda khoma. Go! Go! Go!

"Lauma gwa! Palibe mng'alu ngakhale umodzi. Alamu, mwaphunzira liti kudikira?"

"Ndili ndi mphunzitsi wa mlomo wakuthwa," anatero Bambo, akuonetsa chala.

Kafupi anasesa zikamba za mazira. Malume anayala tinkhuni tochepa. "Tiyambe ndi kamoto kakang'ono. Njerwa zizolowere."

Mayi anabweza machesi. Bambo anakoleza. Moto unayaka. Utsi unakwera m'chumuni. Sunapite ku denga. Sunapite ku zovala.

"Zikomo, achimwene," anatero Mayi.

"Zikomo, amalume, chifukwa cha kachipinda," anatero Kafupi.

"Thokozani wojambula," anatero Malume, akuloza Kafupi.

Bambo anavula jekete imodzi. Anavulanso ina. Anagwada pakhomo pa kachipinda. Anawomba m'manja.

"Zikomo, mayi Mawanga. Mwapulumutsa khoma langa."

Onse anaseka. Bambo anakoka mpando kuti akhale.

"Ababa, dikirani!" anakuwa Kafupi.

Bambo anaima. Anayang'ana pampando. Panali kamwanapiye. Piye!

Bambo anakanyamula bwinobwino. Anakapereka kwa Kafupi. Anayang'ananso pampando kawiri. Kenako anakhala.