Madzi Oyenda Pansi pa Kanyama

Lachinayi magetsi anathima msanga ku Kanyama, ndipo pampopi panali potseka. Virginia analibe madzi ophikira phala la Tiwo, mwana wake wa miyezi isanu ndi itatu. Anamubereka, natenga ndowa kupita kuchitsime chimene ankatungako nthawi zonse mpopi ukauma.

Mdima unali utangogwa. Mvula ya dzulo lake inali itadzaza chitsime mpaka kukamwa. Pamwala pambali pake panakhala munthu. Anali a Goliati, otolera zitsulo zakale, amene nthawi zambiri ankamusenzetsa ndowa osayembekeza zikomo. Manja awo anali okulunga m'nsanza.

"Mwachoma bwanji, ba Goliati?"

"Amake Tiwo, osatapa manzi apa."

Mawu anali awo ndithu, koma ankamveka ngati akuchokera m'chitsimemo.

"Nanga mwana azadya chani?"

"Ine nenze kufuna chabe mtovu," anatero iwo. "Ninapeza chisulo cholema, ninachiphwanya. Mukati munali tumchele towala. Ninataya mumugodi."

Mgodiwo linali dzenje lakale lokumbamo miyala, lomwe anthu ankalikwirira ndi zinyalala kuti apeze pomanga nyumba.

"Koma kuja ni kutali," anatero Virginia chapansipansi.

"Manzi siyayenda mumseu, mwana wanga. Yayenda pansi."

Virginia anasendera kuti awadzutse. Iwo anafutukira m'mbuyo msangamsanga kuti asakhudze mwana. Apo ndi pamene Virginia anaona. Nsanza zija zinkadontha madzi, dontho ndi dontho, koma mwala unali wouma gwa. Achule onse anali chete.

Anathawa ndi ndowa yopanda kanthu.

M'mawa anapeza chitsime atachizinga ndi chingwe. Anthu ovala zoyera ankayendetsa kachipangizo koyezera poizoni pamwamba pa madzi, ndipo kankalira kuti tetete osapuma. Amayi Mwansa, oyandikana nawo nyumba, anamukoka dzanja.

"Simunamvele? Ba Goliati banamwalila pa Mande kuchipatala. Manja yanapsa popanda moto. Ndiye banauza madokotala za mugodi."



Mmodzi wa ovala zoyerawo, mayi wa mawu ofatsa, ankafotokozera anthu. Mwala wa pansi pa Kanyama uli ndi mapanga ndi ming'alu. Mvula ikagwa, imasungunula timchere ta poizoni tija m'dzenjemo, madzi apansi n'kunyamula poizoniyo mpaka m'zitsime. Alibe fungo, alibe mtundu. Ngakhale kuwiritsa sikumuchotsa.

"Nenze kuwilitsa masiku yonse," anatero Virginia, osadziwa kuti wayankhula mokweza.

Anthu anatembenuka. Wina ananong'ona kuti womwalira ndi mlandu pamtima sagona mpaka atauulula kwa amene anawalakwira.

Mayi wovala zoyera uja anabwera pafupi, natsitsa chophimba kukamwa kuti mwana asaope. Anathimitsa kachipangizo kaja, nadikira.

"Mwakonzeka kuti timuyeze, amake mwana?"

Virginia anayamba kumasula mfundo ya chitenje.