Tulo ta Nambala 14

Mtsikana wina ndi Kaputeni anakumana m'chipinda choyeserera kuyendetsa ndege, chija chodzaza ndi mabatani koma chosachoka pansi. Mtsikanayo anzake ankamutcha Kamafunso, poti ntchito yake inali kufufuza chimene chimalakwitsa anthu odziwa ntchito. Chaka chimenecho ankafufuza tulo ta oyendetsa ndege. Aliyense ankamupatsa wotchi yakuda yovala pogona, yojambula nthawi yogona ndi yodzuka, n'kumulemba nambala m'malo mwa dzina.

Kaputeni anailandira akumwetulira.

"Achemwali, ikaonetsa kuti mtima ukuthamanga musanamizire kutopa. Olakwa ndinu."

"Siyeza mtima imeneyi, imayeza tulo."

"Ndiye mwandipha! Ndakuonani kale, ndigonanso ine?"

Eee, pakamwa pa munthu ameneyu panali uchi! Kamafunso, amene anakana anyamata mpaka mayi ake kutaya mtima, anaseka, namulemba nambala 14.

Lamulo la ntchito limaletsa kukondana ndi munthu amene ukumufufuza. Ankalidziwa bwino, ndiye ankaliphunzitsa kwa ena. Koma foni ikati ngwee, lamulo linkathawira pawindo.

"Duwa langa, ndazungulira dziko lonse, wofanana nawe kulibe."

"Ukangomaliza kafukufukuyu ndikuveka mphete. Ndikanama, ndisadzaulukenso."

Mtsikana wa sukulu zake, wosakhulupirira kanthu popanda umboni, mauthengawa ankawawerenga mpaka kuwaloweza.

Lolemba lina, kutatsala masiku anayi kuti apereke lipoti, Pulofesa, mayi womuyang'anira pa ntchito, anakoka mpando nayang'ana pakompyuta yake. Anatsitsa magalasi.

"Iwe, nambala 14 ndi ndani?"

"Paja sititchula mayina, Pulofesa."

"Dzina sindikulifuna. Ndikufunsa, ali ndi mabere?"

"Pulofesa!"

"Taona apa. Kudzuka maola awiri alionse, kukhala maso mphindi makumi awiri, kugonanso. Tsiku ndi tsiku! Ndalera ana anayi ine, tulo timeneti ndimatidziwa. Uyu ndi mayi woyamwitsa. Ndipo apa wotchi ikuti ali mtulo, ndandanda ya maulendo a ndege ikuti ali mumlengalenga ndi anthu. Wotchi yako ikuvalidwa ndi munthu wina, mwana wanga."

Kamafunso anasendera pafupi ndi kompyutayo. Mayi woyamwitsa? M'nyumba mwa Kaputeni, uja amati amakhala yekha ndi mphaka?

Ayi, makina amalakwitsa! Anazimitsa kompyuta, kuiyatsanso. Anatsitsanso zonse zimene wotchiyo inajambula, kachiwiri, kachitatu. Anathamangira kwa wokonza makina.

"Bambo, chonde, mawotchiwa sangasokoneze anthu awiri?"

"Sizinachitikepo."

"Koma zingachitike?"

"Mayi, mukufuna ndikuyankheni zoona, kapena zoti mukadye nkhomaliro?"

Anaimba foni kakhumi. Osayankha. Anakatsekera m'chimbudzi cha ku ofesi nalemba misozi ikugwera pagalasi la foni: "Wokondedwa, ndiuze kuti wotchi unabwereka mlongo wako. Ndiuze chilichonse, ndikhulupirira. Ndikufa ine!"

Yankho linabwera dzuwa litapendeka: "Ndili kunja, duwa langa. Usamvere makina, mvera ine. Ndikabwera tikasankha mphete."

Ndipo anamumvera! Chikondi n'chamanyazi, abale. Usiku wa tsiku limenelo anagona atakumbatira foni, akuganiza kuti mwina Pulofesa akukalamba.

Lachinayi linali tsiku lobweza mawotchi. Cha m'ma teni wina anagogoda. Analowa mayi wamng'ono, maso ofiira ndi kusowa tulo, khanda lili pachifuwa. Padzanja lake lamanzere panali wotchi yakuda.

"Pepani asisi, alonda andilozera kuno. Bambo ake a uyu ali paulendo, afika madzulo ano. Anati ndiiike mu envelopu ndiisiye pachipata, koma lamba wakanirira, sakumasuka."

Kamafunso anayang'anitsitsa wotchiyo.

"Bambo akewo ndi..."

"A Kaputeni. Chaka chachitatu chino tili m'banja." Anaseka mwamanyazi. "Musawakalipire, chonde. Amati iwo amagona pang'ono, ndiye mungawaletse kuuluka. Akuti ine poti ndimangokhala pakhomo ndimagona mokwanira, ndizivala ndine. Amuna! Sadziwa n'komwe kuti uyu amadzuka kangati."

"Nanga iwo amagona kuti?"

"Masiku opuma sakhala pakhomo. Akuti pali kafukufuku wowasunga mpaka mochedwa. Si kuno?"

Kafukufuku! Masiku opuma aja ankathera kwa iye, Kamafunso, akuseka, akuwerengerana mayina a ana amene adzabereke. Munthu ankakwera ndege osagona, ndipo womusowetsa tulo anali yemweyo wolembedwa ntchito yoteteza anthu ku oyendetsa otopa.

"Tandigwirireni mwanayu, ndiyesenso kumasula."

Anamulandira. Kamwana kofunda, kolemera, kokhala ndi nsidze za bambo ake zenizeni. Kanamugwira kolala n'kumusekerera.

"Ii, wakukondani! Sapita kwa alendo ameneyu."

Kamafunso anakweza maso kudenga kuti misozi ibwerere. Inakana. Anatenga sizasi m'kabati ndi dzanja limodzi nadula lambayo.

"Mukulira, asisi? Ndalakwitsa kubwera?" Mayiyo anamugwira mkono. "Sawachotsa ntchito eti? Mawa ali ndi ulendo wautali, anthu oposa zana. Ndilonjezeni kuti simunena."

Kamafunso akanena, afunsidwa kuti wadziwa bwanji kumene Kaputeni amathera masiku opuma, ndipo ntchito yake ya zaka zitatu ithera pomwepo. Akapanda kunena, mawa anthu aja akwera.

Anabweza mwanayo, napukuta nkhope ndi chikhatho. Anakoka fomu yochenjeza za ngozi, pamwamba nalemba 14, pansi dzina lake lomwe.

"Pitani mukagone, mayi," anatero. "Mawa sauluka. Mwana adzuka naye ndi iwo."