Laimu pa Mng'alu

Pakhomo pa Atelala ndinachitapo lendi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo eni nyumba abwino ngati amenewo sindinawaonenso. Ine ntchito yanga ndi yoluka tsitsi, ndimalukira pakhonde, choncho palibe chinkadutsa pabwalo paja osachiona. Kutsogolo kunali nyumba yaikulu ya eni ake. Kuseri kunali mdadada wa zipinda zinayi za lendi, zomwe Atelala anamanga ndi thukuta la makina osokera, njerwa lero, lata mawa. Changa chinali chachitatu.

Alendi ena amalira nawo eni nyumba, koma ife ayi. Mpopi ukadontha m'mawa, pofika masana wakonzedwa. Ngakhale maso awo atachita ng'ala, Atelala sanasiye kuyendera nyumba zawo. Loweruka lililonse ankayenda chogwira khoma, akugogoda ndi nkhonya, khutu lili tcheru.

"Nyumba ya lendi si yongokama ayi," ankamuuza mwana wawo. "Nayonso imadya. Ukaimana, idzakudya iweyo."

Mwanayo anali mmodzi yekhayo, mnyamata wa zaka makumi awiri, wanzeru zake, wa mawu abwino mukwaya. Chinamuwononga ndi makiyi. Bambo ake atamupatsa makiyi a zipinda kuti aziwathandiza, anzake anayamba kumutcha Landilodi. Eee, mapewa anakwera! Kusesa m'ngalande analeka, ati landilodi sagwira tsache. Kukacha ulendo wa kumashopu kokabetcha mpira, pobwera akununkha mowa, chingamu chili m'kamwa kuti amayi ake asamve fungo.

Chaka chimenecho chilimwe chili pakati, khoma lam'mbali la chipinda chakumapeto linang'aluka kuchokera pansi mpaka kudenga. Mphunzitsi amene ankakhalamo anasamuka ndi khanda lake sabata yomweyo. Atelala anapisa dzanja mu mng'aluwo, dzanja lonse n'kulowa. Anaitanitsa mmisiri womanga.

"Apa palibe zomata, bambo," anatero mmisiriyo. "Madzi a padenga akhala akulowa m'maziko. Khomali ligwetsedwe, timange lina, tikumbenso ngalande."

Analemba zofunika zonse papepala. Atelala anagulitsa makina awo osokera, omwe aja anamangira zonse. Pepalalo analipinda kanayi, nalibaya ndi phini monga mwa chizolowezi cha atelala, n'kulipereka kwa mwana wawo pamodzi ndi ndalama. Iwo ndi akazi awo, omwe tinkangowatcha Amayi, ankapita kuchipatala chakutali ku opaleshoni ya maso, ulendo wa mwezi wathunthu.

"Pobwera tipeze khoma latsopano," anatero. "Usadule njira, mwanawe. Pansi pa khoma pamagona anthu."

Fumbi la basi lisanathe n'komwe, anatulukira mnzake wa kumashopu, wotchedwa Wapenti. Munthu wa lilime lotsekemera ameneyo, sindikufuna n'kumukumbuka komwe.

"Akulu, mugwetse khoma lonse chifukwa cha kamng'alu aka?" anatero. "Mmisiri uja akufuna akudyereni. Mlendi saona njerwa, amaona penti. Ndigulireni thumba limodzi la simenti ndi laimu, zotsalazo n'zanu. Ndiponso mdala wanu saona."

Ndinamva ndi makutu angawa. Ndinasiya mutu wa kasitomala uli theka, n'kudzuka.

"Iwe, bambo ako agulitsa makina chifukwa cha khomali. Ulibe manyazi?"

"Anti, zanu ndi tsitsi," anandiyankha. "Za nyumba zisiyireni eni nyumba."

Ntchitoyo inatenga masiku awiri okha. Mu mng'alu anaphatikamo matumba akale a simenti, manyuzipepala, makope ake akusukulu. Mapepala atachepa, Landilodi anakhuthula matumba a buluku lake, timapepala tobetchera ndi zonse zinali momwemo, n'kuzikankhira m'kati ndi ndodo. Pamwamba anamata pulasitala wopyapyala, laimu kawiri. Khoma linangoti mbee, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zotsala zinasanduka foni yatsopano, nsapato zosongoka ndi anzake ambirimbiri. Pofika sabata yachitatu, ndi foni yomwe inali itagulitsidwa.

Makolo anabwera, Atelala ali ndi bandeji m'maso. Adokotala anawalamula kupumula miyezi iwiri osayendayenda, koma iwo asanakhale n'komwe pansi anati, "Ndiperekeze kukhoma langa." Mwanayo anawagwira dzanja, nawazungulitsa mdadada wonse, n'kuwaimika pakhoma lakumbuyo, lomwe silinang'alukepo. Atelala anagogoda. Ngo! Ngo!

"Ili ndiye khoma," anatero akumwetulira. "Wakula, mwanawe."

Mtima wanga unawira. Mawa lake ndinawapeza Amayi akuyanika zovala, ndipo ndinawauza kuti khoma silinamangidwe, angomata. Anamuitana mwana wawo ine ndili pomwepo.

"Ndiyang'ane. Khoma unamanga?"

"Ndinamanga, amayi. Antiwa amadana nane chifukwa ndinawaletsa kutaya tsitsi m'ngalande."

Amayi ananditembenukira. "Mwana wanga anganamize ine make? Ngati pakhomo pano patopetsa, nenani bwinobwino."

Ndinabwerera pakhonde panga. Ndikanapita kwa Atelala eni ake, koma ndinaopa notisi, poti chipinda chabwino ngati chija sichipezeka wamba. Mantha amenewo akundidya mpaka lero.

Mvula itayandikira, kunabwera banja lina lofuna nyumba yaikulu. Makolo aja anagwirizana zoti aichititse lendi, iwo asamukire m'chipinda chakumapeto, mwana azigona m'kachipinda kosungira katundu. Anamuuza nkhaniyi pabwalo, Amayi nkhope ikuwala.

"Tatopa kukuona ukungoyendayenda. Lendi ya nyumba yaikuluyi ikupititsa kukoleji, ukaphunzire zamagetsi. Ife chipinda cha khoma latsopano chitikwanira."

Nkhope ya mnyamatayo inatuwa ngati phulusa. "Amayi, musasamuke."

"Chifukwa?"

Ndinasiya kuluka, ndikuti nena, mwana iwe, nena! Anayang'ana bambo ake, nayang'ana pansi.

"N'chaching'ono," anatero.

Amayi anaseka. "Tinayambira m'chaching'ono kuposa ichi."

Mnyamatayo anathamangira kumashopu kwa mnzake uja, ndipo kasitomala wanga wina amene anali pomwepo anandiuza zomwe anayankhidwa. Atafunsa ngati khomalo lipirire mvula, Wapenti anangokweza mapewa. "Akulu, ine ndine wapenti, sindine mmisiri."

Makolowo anasamuka Lolemba. Landilodi anaika bedi pakati pa chipinda, Amayi n'kulikankhira kukhoma lomwe lija.

"Bedi pakati, ufuna bambo ako apunthwe?"

Lachitatu mvula inayamba, ndipo sinaleke. Lachisanu m'mawa ndinaona laimu atatupa, mzera wakuda utabwerera pamalo pomwe paja. Ndinamugwira malaya mnyamatayo akutuluka pageti.

"Taona! Kawauze pompano."

"Ndiwauza madzulo, anti. Lero ndikangowina, ndiitana mmisiri."

Anandipulumuka. Tsikulo Amayi anadzuka ndi malungo. Ndinawapempha kuti adzagone kwanga, ati agone kwa alendi ali ndi kwawo? Atelala ndiwo anavomera kudzakhala pakhonde panga ndi wailesi yawo, kuti akazi awo apumule. Anali osangalala. Ankandiuza kuti miyezi iwiri yakwana, mawa Loweruka ayambiranso kuyendera nyumba zawo. Ndinati m'mtima, mawa agogoda okha, adziwa okha.

Cha m'ma thu koloko masana tinamva phokoso. Gumu! Nthaka inagwedezeka, malata analira, fumbi lofiira linatuluka pakhomo pa chipinda chakumapeto mvula ili m'kati.

"Amake mwana!" anafuula Atelala. "Amake mwana!"

Sipanamveke yankho.

Amuna a pafupi anafukula ndi manja. Anawapeza pabedi, atafunda, khoma lonse lili pamwamba pawo. Anali atatisiya kale.

Landilodi anafika chothamanga, atanyowa, kapepala kobetchera kali m'manja. Anapeza bambo ake atagwada m'matope, akupapasa njerwa imodziimodzi.

"Njerwa izi n'zakale," ankalankhula okha. "Ndikuzidziwa, ndinazinyamula ndekha."

Kenako zala zawo zinayamba kukumana ndi mapepala. Anasolola thumba la simenti, chikuto cha kope, nyuzipepala yowola. Mwadzidzidzi anadzidzimuka, chinthu chitawabaya chala. Linali pepala lopinda kanayi, phini ikadali pomwepo. Analitambasula pang'onopang'ono, nalikweza m'mwamba.

"Mwana wanga ali pano?"

"Ndili pano, ababa."

"Werenga."

"Ababa, ndikhululu..."

"Ndati werenga."

Anawerenga pamaso pa anthu onse. Simenti matumba khumi. Njerwa zowotcha. Mchenga. Miyala ya maziko. Atamaliza, Atelala sanamumenye, sanamutukwanenso. Bola akanamumenya.

"Amako anakufunsa," anatero. "Unawayankha kuti chiyani?"

Mnyamatayo anagwa chafufumimba m'matope momwemo, akulira ngati khanda. Palibe anamudzutsa.

Maliro atatha, oyang'anira zomangamanga anabwera n'kulamula kuti mdadada wonse utsekedwe. Tonse tinasamuka. Banja la m'nyumba yaikulu nalonso linachoka, ati silingakhale pamalo pomwe mwana anakwirira make. Atelala anatengedwa ndi alongo awo, ndipo ndimamva kuti maso anatseguka, koma safuna kuona chilichonse. Wapenti akupakabe nyumba za anthu.

Landilodi ndimakumana naye nthawi zina. Palibenso amamutcha dzina limenelo. Amasakaniza matope kwa mmisiri yemwe uja, ndipo amati salola njerwa ngakhale imodzi kukhala mokhota. Kutchalitchi anabwerera, amakhala kumbuyo, koma sayimba. Akamadutsa pa nyumba ya eni amagogoda khoma n'kutchera khutu, ana n'kumamuseka.

Inu achinyamata amene makolo akudalirani ndi makiyi, mverani ine woluka tsitsi. Kuba kumayamba ndi ulesi, bodza n'kubwera kudzamata pamwamba. Mukalakwa, ululani tsiku lomwelo, mulandire manyazi anthu akadali moyo. Tchimo lobisa silikhala pomwe mwalisiya, limadikira mvula, ndipo siligwera inu nokha. Mnyamata uja anali ndi miyezi itatu yoti anene mawu awiri okha, akuti "sindinamange, amayi." Lero amawanena Lamulungu lililonse atagwada pamanda, koma pansipo palibe woyankha.